Zaka zisanu tikuphunzitsa ana kugwa bwino

Mwezi uno takwanitsa zaka zisanu chitsegulireni sukulu yathu ya masewera a gymnastics, masewera olimbitsa thupi monga chipidigoli ndi kuyenda pa thabwa lopapatiza, ndipo ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze kumene tachokera, makamaka chifukwa cha makolo atsopano amene amadabwa kuona mwana wawo akutha milungu ingapo akungophunzira kugwa.

Ndinayamba ndi ana asanu ndi mmodzi, matiresi anayi ndi thabwa limodzi, m'holo yochita lendi imene tinkasesa tokha tisanayambe phunziro. Sindinalonjezepo kholo lililonse mendulo. Anthu ambiri akamva za gymnastics amakumbukira Nadia Comăneci, amene anapeza mapointi 10 athunthu pa masewera a Olympic ku Montreal, m'dziko la Canada, mu 1976 ali ndi zaka 14, koma masewerawa ali ndi nthambi ina yopanda mpikisano, ndipo ife tili m'nthambi imeneyo. Chiyambire mu 1953 ku Rotterdam, m'dziko la Netherlands, pamachitika msonkhano waukulu wa World Gymnaestrada, kumene ana, achikulire ndi agogo amaonetsa luso lawo popanda woweruza wowapatsa mapointi. Zimenezi ndinayesa kuzifotokoza pamene ndinkapempha ngongole yogulira zipangizo, koma bambo amene ndinawapeza mu ofesi anandifunsa akumwetulira ngati lilipo kholo limene lingalipire ndalama kuti mwana wake aphunzire chipidigoli, chinthu chimene ana amachita okha pa udzu. Ngongoleyo sanandipatse. Ngati akuwerenga nkhaniyi, adziwe kuti makolowo analipo.

Chaka chachiwiri ndicho chinatsala pang'ono kutigwetsa. Ndi ndalama zimene ndinasunga movutikira, ndinagula matiresi atsopano kwa wogulitsa wina amene analumbira kuti anali opangidwira masewerawa. Kunja ankaoneka okhuthala bwino, koma siponji ya m'kati inali yofewa ngati ya pabedi, moti patangopita miyezi yochepa inaphwatalala, ndipo munthu akapondapo ankamva simenti. Tsiku lina mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu anaterereka pa thabwa n'kugwa chagada, ndipo monga amachitira munthu aliyense wosaphunzitsidwa, anatambasulira mkono kumbuyo kuti adzitchinjirize. Mkonowo unathyoka pafupi ndi dzanja. Anakhala ndi chikhakha milungu isanu ndi umodzi, makolo ambiri anachotsa ana awo, ndipo wogulitsa uja, amene poyamba ankandiimbira m'mawa ndi madzulo, anasiya kuyankha foni mpaka lero.

Ndinatseka sukulu kwa miyezi iwiri. Zinali zosavuta kuloza chala matiresiwo, ndipo analidi olakwika, koma usiku ndikagona ndinkadziwa kuti mlandu wina unali wanga, chifukwa mwanayo ndinamukweza pa thabwa ndisanamuphunzitse chochita akaphonya. Nditatsegulanso ndinasintha ndondomeko yonse. Tsopano mwana aliyense amayamba ndi kutera: mawondo opinda, mapazi onse awiri pansi nthawi imodzi, manja kutsogolo. Kenako amaphunzira kugwa chagada ataika chibwano pachifuwa, msana utapindika, manja ali pafupi ndi thupi, kuti agubuduzike m'malo mwakuti mphamvu yonse ya kugwako ithere pa fupa limodzi. Amabwereza zimenezi mpaka thupi lizichita lokha, popeza pa nthawi ya ngozi palibe mpata woganiza.

Thabwa la pa mpikisano ndi lalitali mamita 5, m'lifupi mwake ndi masentimita 10 okha, ndipo limakhala masentimita 125 kuchokera pansi. Kwathu mwana amayamba kuyenda pa mzere wojambula pansi, kenako pa thabwa logona pa matiresi, ndipo amakwera pokhapokha mphunzitsi akakhutira. Kuima chadodolido ndi manja timakuchita pang'onopang'ono, chifukwa mafupa a mwana amakhala akukulabe pafupi ndi dzanja, ndipo malo amenewo amapweteka akasenzetsedwa thupi lonse mobwerezabwereza. Makolo ena amati tikuchedwa. Ndimawamvetsa, koma sinditsatira changu chawo. Chitsegulireninso, ngozi yaikulu imene taona ndi kubinya bondo.

Ndikuthokoza kwambiri mayi a mtsikana uja, amene anali ndi zifukwa zonse zondida koma anamubweretsanso chikhakha chitangochotsedwa, ndipo lero mtsikanayo ndi amene amaonetsa ana atsopano kagwedwe koyenera. Ndikuthokoza makolo atatu amene analipiriratu miyezi ya m'tsogolo sukulu ili chitsekere, pakuti ndalama zawo ndizo zinagula matiresi enieni amene tikugwiritsa ntchito. Ndikuthokoza aphunzitsi anzanga awiri, amene anagwira ntchito miyezi ina malipiro akuchedwa osanditembenukira. Namwino amene anatiphunzitsa chithandizo choyamba osalandira kanthu. Mwini holo amene anatipirira pa lendi. Komanso amuna anga, amene ananyamula zipangizo kulowetsa ndi kutulutsa Loweruka lililonse ngakhale kuti iwo eni ake sanayesepo chipidigoli ngakhale kamodzi.

Kalembera wa gawo latsopano watsegulidwa. Timalandira ana kuyambira zaka zinayi, ndipo timawagawa potengera msinkhu ndi zimene angathe, m'magulu ang'onoang'ono kuti mphunzitsi athe kugwira mwana aliyense ndi manja ake pamene akuyesa chinthu chatsopano. Tayambitsanso gulu la akuluakulu ofuna kufewetsa thupi ndi kulimbitsa msana, ngakhale amene sanachitepo masewera alionse. Phunziro loyamba ndi laulere, ndipo kholo limaloledwa kukhala pambali n'kuonerera, ngakhalenso kuponda matiresi athu ndi phazi lake kuti lidzionere lokha. Mwana abwere atavala zovala zosathina koma zosalendewera, tsitsi lalitali litamangidwa, wopanda ndolo kapena mkanda, ndipo nsapato azivulira pakhomo.