Mmene ndinadzutsira kainjini ka nthunzi ka Mamod

Kainjini kanga ndi koseweretsa, ka Mamod SE2, kopangidwa ku Birmingham, ku England, ndi kampani yomwe Geoffrey Malins anayambitsa mu 1937. Ndinakapeza pa msika wa zinthu zakale, gudumu litagwira, utoto utasupuka. Choyatsira chake ndi cha sipiriti, kusonyeza kuti nkakale ndithu, poti chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 kampaniyi inasiya sipiriti n'kuyamba timibulu toyaka.

Mtima umafuna kuyatsa moto tsiku lomwelo. Musatero.

Ndinayamba ndi boila, kathanki kowiritsiramo madzi. Nditamasula valavu yotulutsa nthunzi ikachuluka, ndinapeza m'katimo mutauma zoyera ngati za m'ketulo. Ndinathiramo viniga wosakaniza ndi madzi ofunda, n'kukhutchumula, n'kutsukuluza kambirimbiri. Viniga asagonemo, chifukwa boilayo ndi ya brass, chitsulo chosakaniza kopa ndi zinc, ndipo asidi akakhalitsa amadya zinc, chitsulo n'kufiira n'kufooka. Mawasha onse anali atauma gwa, ndinaika atsopano. Valavu ija ndinaitsuka mpaka kasipuling'i kake katayamba kubwerera ndikakakoka. Valavu ikakana, gulani ina basi. Ndiyo imateteza boila kuti isaphulike.

Ntchito yeniyeni inali pa silinda, kachubu momwe nthunzi imakankhira pisitoni. Silinda ya Mamod imagwedezeka uku ndi uku pisitoni ikamayenda, ndipo kugwedezekako ndiko kumatsegula ndi kutseka timabowo tolowera ndi totulukira nthunzi. Nkhope ya silinda ndi ya chitsulo chomwe imakhudzana nacho zikangokhala ndi kamzere, nthunzi imathawira m'mbali, gudumu osazungulira. Ndinayala sandipepa wosalala kwambiri pa galasi, kudontheza oyilo, n'kumapukuta nkhope ya silinda mozunguliza, mosakanikiza, kufikira yonse itawala mofanana. Apa mpofunika kudekha. Ukakanikiza mbali imodzi, wapendeketsa, ndipo kuwongola kwake nkovuta kuposa poyamba. Timabowo ndinatitokosa ndi kawaya kofewa.

Kenako mayeso opanda moto. Ndinalumikiza pampu ya njinga pa boila, kupaka madzi a sopo polumikizira ponse, n'kupopa pang'onopang'ono. Pomwe patuluka thovu, pakudontha. Thovu linaoneka pa wezulo pokha, washa wina anathetsa. Gudumu litazungulira ndi mpweya wa pampu, ndinadziwa kuti moto sukandichititsa manyazi.

Zopenta ndinazisiya. Ena amakonda kuti kanyezimire ngati katsopano, koma ine utoto wake wakale, wosupukasupukawo, umandisangalatsa.

Poyatsa ndinathira madzi amvula osefa, ofunda, mpaka atayamba kutulukira pa kabowo ka m'mbali mwa boila, n'kutseka. Pa pisitoni ndinadontheza oyilo wokhuthala wa injini za nthunzi, poti wamba nthunzi imamukokolola. Wezulo atayamba kulira ndinakankha gudumu ndi chala. Kanayamba kalavula madzi, kenaka kanathamanga mpaka tebulo kunjenjemera.

Sipiriti akatha, sindiwonjezera ndisanathirenso madzi. Boila ikauma moto ukuyaka, mtovu wowotcherera umasungunuka, ntchito yonse n'kuyambiranso.