Sabata ya maapilo ochokera ku khoti la zaantchito

Lolemba mu ofesi yathu yothandiza anthu pa milandu munafika mafayilo anayi ochokera ku Industrial Relations Court, khoti la zaantchito. Tisanawerenge chigamulo timayamba taona tsiku lomwe chinaperekedwa, chifukwa gawo 65 la Labour Relations Act ya 1996 limapereka masiku 30 okha ochitira apilo ku High Court. Fayilo imodzi masiku anali atatha kale, mwiniwake ankadikira kuti alandire kaye chigamulo chotayipa. Zikatero pamafunika pempho lapadera, lofotokoza chomwe chinachedwetsa.

Ntchito yeniyeni inali Lachiwiri ndi Lachitatu. Gawo 65 lomweli limalola apilo pa funso la malamulo kapena la mphamvu za khotilo basi. Apa ndiye ambiri amagwera. Kulemba kuti khoti linalakwa pokhulupirira mboni ya abwana n'kutsutsa umboni, ndipo jaji sangaumvenso mlanduwo ngati watsopano. Koma ngati khoti linauza wantchito kuti ndiye atsimikize kuti anachotsedwa popanda chifukwa, limenelo ndi funso la malamulo, pakuti gawo 61 la Employment Act ya 2000 limasenzetsa wolemba ntchito udindo wopereka chifukwacho. Chimodzimodzi ngati khoti silinalabadire gawo 57, lomwe limati munthu apatsidwe mpata wodziteteza asanachotsedwe pa nkhani ya khalidwe kapena kagwiridwe ka ntchito. Mfundo iliyonse ya apilo itchule gawo lomwe laphwanyidwa ndi tsamba la chigamulo pomwe pali cholakwikacho. Pa mfundo 11 za fayilo ina, zinatsala ziwiri. Kuuza munthu wopwetekedwa mtima kuti zambiri mwa zodandaula zake sizingapite kutsogolo kumawawa, komabe n'kwabwino amve lero asanaononge ndalama.

Lachinayi linathera pa pempho loimitsa kaye chigamulo. Apilo payokha siletsa wopambana kutenga chipukuta misozi chake. Popanda chiletso cha khoti, masherifu akhoza kudzalanda katundu apilo ili m'njira.

Lachisanu tinalondola zolembedwa za mlandu, zomwe nthawi zambiri zimachedwa kutayipidwa, chonsecho popanda izo jaji alibe poyambira. Fayilo yachinayi inakhudza kutanthauzira malamulo aakulu a dziko. Yotereyi imadikira kaye chitsimikizo cha Mkulu wa Makhoti, ndipo akavomereza imamvedwa ndi majaji osachepera atatu, malinga ndi gawo 9 la Courts Act. Imeneyo yalowa mu sabata yamawa.