Zovala za chinkhoswe: pomwe ndafika ndi makina a agogo

Loweruka, sabata yoyamba

Nsalu zafika. Azakhali agula zinayi za waksi, iliyonse ya mayadi 6, kuti ife akuchikazi tidzavale zofanana pa chinkhoswe cha msuweni wathu. Ndi zobiriwira, za maluwa achikasu akuluakulu ngati mbale ya nsima. Posankha sanafunse munthu. Wosoka ndine, poti ndinachita kudzitama pa gulu la WhatsApp la banja kuti tsopano ndikutha kuika zipi osakhota. Pakamwa pangapa pandipalamulira.

Ovala tilipo anayi: ine, mng'ono wanga, alamu anga ndi azakhali eni ake. Makina ndi omwe aja a Singer opalasa ndi miyendo amene anasiya malemu agogo. Papita chaka ndi miyezi itatu chiyambireni kusoka, ndipo zomwe zatuluka m'manja mwanga ndi masiketi anga, mayunifolomu a ana ndi makatani. Kusokera munthu wamkulu chovala choti akaime nacho pagulu, aka n'koyamba.

Lero ndangozichapa m'madzi ozizira n'kuziyanika pamthunzi. Nsalu ya thonje imachepa ikalawa madzi koyamba. Siketi ina ndinaidula isanachapidwe, pano amavala ndi mwana wanga wa folomu 1.

Usiku ndinali pa foni kuwerenga zimene amalemba pa intaneti za kaumbidwe ka thupi. Akazi amawagawa ngati zapamsika: uyu ndi apozi, uyu ndi peyala, uyu ndi woongoka ngati rula. Peyala lawolo si lathu lija timapaka pa buledi ayi, koma nalonso ndi lochepa kumutu, lotukuka kumunsi. Ine ndagwera pamenepo. Malangizo ake akuti valani zakuda kumunsi kuti mbina isaoneke. Ndinaseka mpaka bambo a kunyumba kudzuka. Kuno wobadwa ndi mbina amabisa? Anzathu akuchita kugula makabudula a siponji kuti aoneke nayo. Komanso za mtundu wakuda kumunsi, wowala kumtunda zilibe ntchito kwa anthu amene apatsidwa nsalu imodzi yamaluwa. Chimene chatsala m'manja mwanga ndi kadulidwe, ndi malo amene duwa ligwere.

Lachiwiri

Ndayeza onse. Chiuno ndimayamba ndamanga kachingwe, munthuyo n'kupendekeka uku ndi uku mpaka kachingweko katakhazikika pokha. Pamenepo ndiye pachiuno penipeni, osati pomwe timamangira chitenje paja. Mbina ndimayeza potukuka kwambiri, komwe kwa ambiri ndi masentimita ngati 20 kutsika kuchokera pa kachingwe. Matelala ambiri amalemba mainchi, ine ndinazolowera masentimita. Tepi ili ndi zonse, inchi imodzi ndi masentimita 2.54.

Ine chifuwa 92, chiuno 76, mbina 108. Mng'ono wanga 84, 70 ndi 88, ndipo ndi wamtali ngati mlongoti. Alamu ndi afupi, chifuwa ndiye chinatenga malo. Azakhali manambala awo atatu ali pafupi kufanana, koma sindilemba pano chifukwa anandigwira dzanja: "Iwe mwana, zimenezi ndikadzaziona pa foni udzandidziwa." Tepi itafika pamimba anakoka mpweya n'kuuma ngati msilikali. Ndinati, "Azakhali, pumani bwinobwino, kuchinkhoswe kuja mukadyanso mpunga." Atamasuka, tepi inayenda masentimita 5 athunthu.

Nambala imene yanditsegula maso ndi 32, kusiyana kwa chiuno ndi mbina yanga. N'chifukwa chake buluku la pakaunjika likakwana m'ntchafu limasiya mpata kumbuyo woti n'kulowetsamo chibakera. Zaka zonsezi ndinkalimbana ndi manambala a pa lebulo, osadziwa kuti 12 wa ku Britain ndi 8 wa ku America, ndipo ku Ulaya kwina amalemba 40. Belo limodzi limasakaniza zonsezo. Ngakhale utapeza nambala yoyenera, fakitale inadulira munthu amene chiuno ndi mbina sizisiyana ngati zanga. Kwa mng'ono wanga kusiyanako ndi 18, ndiye iye amangotola chilichonse pamulu n'kuvala.

Lachisanu

Ndayamba ndi siketi yanga kuti ndikalakwitsa ndilakwitse pa nsalu yanga. Ndalakwitsadi.

Ndinafuna ya pensulo, yotsata thupi. Waksi satamuka ngati jinzi ya masiku ano, choncho pa mbina ndinaonjezera masentimita 5 oti ndizitha kukhala pansi. Masentimita 32 aja sangachoke onse m'misoko ya m'mbali, siketi ingaoneke ngati ili ndi makutu. Ndinagawa: ena m'mbali, ena m'madati (timapindo tosongoka timene timasokedwa pochepetsa nsalu m'chiuno) awiri aafupi kutsogolo, otsala m'madati anayi aatali kumbuyo. Mbali imeneyo inayenda bwino ndithu, siketi inagwira chiuno popanda lamba.

Nditatembenuka pa galasi la wadirobu ndinafuna kukhala pansi. Maluwa awiri achikasu agwera limodzi thako ili, lina thako ilo, molingana ndendende. Mwana wanga anangoti, "Amayi, ngati nyali za minibasi." Podula ndinali nditapinda nsalu pawiri, maso onse ali pa choko ndi tepi, duwa osalilabadira n'komwe.

Vuto lachiwiri ndi mpendero. Kutsogolo uli pansi pa bondo, kumbuyo wakwera. Mbina imadya nsalu, ndipo ine ndinadula kutsogolo ndi kumbuyo kutalika kofanana.

Loweruka

Ndinanyamula siketi ija kupita nayo ku Limbe kwa bambo wina wachikulire wosoka pakhonde, amene ndimagulako mabobini. Anaitambasula pa makina awo, n'kuyang'ana nthawi yaitali osaseka, zimene ndinawathokoza nazo mumtima. Kenako anati, "Mayi, chitenje sitidulira pa tebulo. Timayamba tamukulunga nacho mwini wake." Anatanthauza kuti nsalu uyambe waizunguliza pa thupi la wovalayo ataima, uisunthe mpaka maluwa atakhala pamalo aulemu, ulembe ndi choko pakati pa kutsogolo ndi pakati pa kumbuyo, kenako ndiye upite ku sizasi. Ndipo uzidula nsalu ili yotambasula, chidutswa chimodzichimodzi, kuti uziona chimene ukudula. Nsalu imatha yambiri, koma mayadi 6 ndi mamita pafupifupi 5 ndi theka, malo osunthira alipo.

Za mpendero anati ndisamayeze kuchokera m'chiuno. Wovala aime atavala nsapato zimene adzavale tsikulo, wina agwade ndi rula n'kumayeza kuchokera pansi, kuzungulira siketi yonse akubaya mapini. Ndinawafunsa za zipatso za pa intaneti zija. Anati iwo chiyambireni sanasokerepo apozi.

Madzulo ndadulanso mbali ya kumbuyo yokha. Tsopano duwa limodzi lagwera m'mbali mwa ntchafu, lina latsikira kumpendero, pakati pali masamba obiriwira basi. Bulauzi yanga ndaipatsa khosi lotambalala lofika kumapewa ndi manja otukuka pang'ono, kuti kumtunda kusaoneke ngati kwa munthu wina. Mbina ikuoneka, ndipo ndi mmene ndimafunira.

Lachitatu, sabata yachiwiri

Mng'ono wanga sanandivutitse. Anabwera ndi mawu amodzi: "Achemwali, ndipangireni mbina." Thupi lalitali lowongoka limanyamula maluwa akuluakulu bwino kuposa tonsefe, duwa limaoneka lathunthu osapindika. Ndamusokera bulauzi yogwira m'chiuno ya pepulamu, kansalu kotambasuka kaja kamalendewera kuchokera m'chiuno, m'kati mwa pepulamuyo ndaikamo nsalu yolimbitsa ija matelala amati sitifu kuti iime yokha. Nzeru yake ndi yakale: katswiri wokonza zovala Christian Dior mu 1947 ku Paris anatchuka ndi jekete yofinya chiuno n'kutukula m'munsi mwake. Chiuno chikaoneka chochepa, chapansi pake chimaoneka chachikulu. Siketi ndi ya mapanelo 6, yogwira mpaka m'mawondo kenako n'kumasuka. Wayenda nayo pabalaza kawiri, wajambula zithunzi zosawerengeka, wapita.

Lamlungu

Alamu ndiye tinakokana. Anabwera ndi chithunzi cha pa Facebook: mapewa pamtunda, manja otupa ngati mapilo, pepulamu yosanjikiza kawiri. Wa pachithunziyo ndi wamtali, wa chifuwa chochepa. Pa alamu zonsezo zikanaunjikana malo amodzi, khosi n'kusowa. Koma mlamu sumuuza choncho. Ndinangotenga zidutswa, n'kuwabayira ndi mapini paphewa limodzi monga mwa chithunzicho, phewa linalo n'kulisiya losalala, n'kuwaimika pa galasi. Anayang'ana, n'kunena okha kuti, "Alamu, chotsani piloyu."

Tagwirizana diresi ya khosi la V, losazama kwambiri poti kudzakhala akuchimuna ndi ankhoswe. Khosi lotere limatalikitsa munthu wamfupi chifukwa diso limatsika nalo. M'malo mwa madati ndadula misoko iwiri yochokera m'khwapa, yodutsa pa bere n'kutsika mpaka pansi osaduka m'chiuno. Msoko wotere umalola kuonjezera nsalu pachifuwa pokha, mapewa osakula nawo. Apa m'pamene zogula zimawalakwira: akagula yokwana chifuwa, mapewa amagwera m'mikono, akagula yokwana mapewa, mabatani amachita kulira. Ine ndinayeza kawiri, pamwamba pa mabere kudutsa m'khwapa ndi pa mabere penipeni. Mapewa ndi khosi ndadulira nambala yoyambayo, yachiwiri yangolamula kupindika kwa msoko.

Phunziro la nyali za minibasi landithandiza. Ndinawakulunga nsalu kaye, ndipo maluwa awiri anali akulunjika kale pamalo oti sindingatchule. Tinasuntha mpaka pachifuwa patakhala masamba okha.

Chimene chithunzi chija sichikanawauza n'choti ali ndi mwana woyamwa wa miyezi isanu. Zipi ndaika kutsogolo, yobisika mumsoko wapakati. Ndamasula kawiri isanakhale bwino, ndipo pamwamba pake pakadali kakhwinya kamene ndikukhulupirira kuti ayironi ikakonza.

Lachinayi

Azakhali anati iwo masitayilo ayi, akufuna chilundu: bulauzi, nsalu yomanga yofika m'mapazi, ndi duku. Buluku sanavalepo chibadwire. Anakula nthawi ya lamulo la 1973 limene linkaletsa akazi kuvala mabuluku ndi masiketi oonetsa mawondo, ndipo ngakhale linachotsedwa pobwera matipate, iwo m'mutu mwawo likadalipo. Sindinalimbane nawo. Chilundu chimawakhala, ndipo miyendo ndi mikono yawo ndi yochepa bwino, thupi lonse linasonkhana pakati.

Bulauzi yoyeserera ndinasoka pa shiti yakale ya pabedi. Yoyamba ndinaika madati a m'chiuno mwachizolowezi, inawagwira pamimba n'kukwera yokha akangokhala pa mpando. Yachiwiri ndachotsa madatiwo. Yagwira pansi pa mabere pomwe iwo ndi ochepa, kuchoka apo yatsika momasuka mpaka kupitirira mimba, n'kuthera pa mbina. Kutalika kumeneku tinakusaka ndi mapini: ikathera pamimba penipeni imajambula mzere pamalo otukuka, ikatalika kwambiri amaoneka ngati avala gauni ya kwaya. Manja athera pansi pa chigongono kuti wotchi ndi zibangili zioneke.

Ndinkaona ngati ndamaliza, iwo n'kukweza manja m'mwamba kuyeserera kuvina. Bulauzi yonse inakwera nawo. "Nanga perekaniperekani ndikavina bwanji, manja ali m'mbali ngati wapolisi?" Ndinali nditakumba khwapa mozama poganiza kuti munthu wathupi amafuna malo. Zoona zake n'zosiyana: khwapa lozama limamangirira dzanja ku bulauzi, losazama limalisiya kuyenda lokha. Ndadulanso khwapa lokwera, n'kuikamo kachidutswa ka makona anayi pansi pake. Ayeseranso, nthungululu n'kuimba, bulauzi osasuntha.

Pochoka aonjezera ntchito. Akufuna thumba lobisika m'mbali mwa bulauzi loikamo ndalama zosinthasintha zofupira, chifukwa kachikwama kam'manja anakaiwala pa mpando pa ukwati wina. Thumba pa bulauzi sindinasokepo.

Lolemba, sabata yachinayi

Kwatsala masiku 12. Siketi ndi bulauzi yanga zatha, za mng'ono wanga zatha kupatula ngowe ya m'chiuno. Diresi ya alamu ikudikira mpendero, abwera Lachitatu ndi nsapato zawo zazitali kuti ndigwade ndi rula. Bulauzi yeniyeni ya azakhali ndaidula dzulo, duwa limodzi ndaliika paphewa lakumanzere, pamimba pali masamba. Pa nsalu yawo pachoka mamita 2 a chomanga, ndipo chotsala chikuoneka kuti duku atuluka koma wosakula mmene amafunira; mwina ndiwabera pa nsalu ya mng'ono wanga, yatsala yambiri.

Singano zathyoka ziwiri podutsa pa sitifu. Mawa ndidzera ku Limbe kukagula za nambala 16, ulusi wobiriwira wina, ndi kukafunsa bambo aja mmene thumba limalowera mumsoko wa m'mbali osatukumula bulauzi.