Savour, mawu amene Ajeremani ophunzira Chingerezi amawadumpha

Mjeremani akayamba Chingerezi amauzidwa kuti genießen ndi enjoy, ndipo ambiri amathera pomwepo. Sikuti alakwa, koma enjoy ndi mawu opepuka. Mngerezi amawanena pa chilichonse, kaya kanema, kaya ulendo wa pa sitima. Genießen nthawi zambiri amalemerapo. Ndi kudya kapena kumwa mwachifatse, mtima uli pa chinthucho, kulola chokoleti chisungunuke chokha pa lilime osachitafuna. Mawu a Chingerezi ofika pamenepo ndi savour, ndipo ine ndimaona kuti ayenera kuphunzitsidwa tsiku limodzi ndi enjoy, osati patapita zaka.

Ku Britain amalemba savour, ku America savor. Anadzera m'Chifalansa chakale kuchokera ku sapor wa Chilatini, kutanthauza kakomedwe. Sayima okha, amafuna chinthu chomwe munthu akumva kukoma kwake: "She savoured the coffee", "Savour the moment".

Vuto loyamba ndi katchulidwe. M'Chijeremani s yoyamba mawu ikatsatana ndi vawelo imamveka ngati z, ndipo v ya m'mawu monga Vater imamveka f. Wophunzira amatulutsa "zeifa", ndipo ngakhale atakonza s, womvera amamva safer, mawu ena osiyana kotheratu. Mankhwala ake ali m'chinenero chake chomwe. Muuzeni atenge s ya mu Straße, ija yolembedwa ß, ndi w ya mu Wasser. Aike dzanja pakhosi: pa s pasanjenjemere, pa v panjenjemere. Abwereze safer ndi savour mosinthanitsa mpaka khutu lizolowere.

Chachiwiri ndi chovutirapo, chifukwa chimachokera ku schmecken. Mjeremani akati "Es schmeckt mir" akunena zomwe ife timanena pa Chichewa, "Chikundikomera". Kukoma kuli kale m'mawuwo. Taste wa Chingerezi alibe mbali, sanena zabwino kapena zoipa. N'chifukwa chake "It tastes me" satanthauza kanthu, ndipo "It tastes" amasiya womvera akudikirira kuti chikukoma bwanji. Zoyenera ndi "It tastes good" kapena "I like it". Apa pamabweranso well, popeza gut wa Chijeremani amaimira good ndi well yemwe. "It tastes well" ndi kulakwa. Pambuyo pa taste, ponena za chakudya, pamabwera good. Schmeckt nach ndi tastes of kapena tastes like. Ndipo ngati munthu akungolawa msuzi kuti aone mchere, ameneyo ndi taste kapena try, osati savour.

Chenjeraninso ndi savoury. Amafanana ndi savour, koma amanena za chakudya chamchere, chosakhala chotsekemera, chija Ajeremani amati herzhaft. Chimodzimodzi tasty ndi tasteful: schmackhaft ndi tasty, wa chakudya, pamene geschmackvoll ndi tasteful, wa zovala ndi kakonzedwe ka m'nyumba.

Pa enjoy, lamulo losaiwala ndi lakuti mneni wotsatira amathera ndi -ing. "I enjoy to cook" ndi Chijeremani chovala Chingerezi. Nenani "I enjoy cooking". Ndipo patebulo Guten Appetit samasulidwa kuti "Good appetite". Woperekera zakudya amati "Enjoy your meal".