Mphindi 18 za Mkate wa Pasaka

Dzulo, ndikukanda ufa wa tirigu wa ku Tsangano kuti ndikazinge mandasi kuno ku Ntcheu, ndinaganizira za Ayuda, omwe pa Pasaka saloledwa kudya kapena kusunga m'nyumba mkate wofufumitsa kwa masiku 7, monga akunenera Eksodo 12:15. Ufa wanga wokandawo ndinauvundikira kuti utupe, koma mkate wawo wotchedwa matzah, umene ayenera kudya usiku woyamba pokumbukira kutuluka mofulumira mu Igupto, umaphikidwa pasanathe mphindi 18 chithirireni madzi mu ufa.

Chimene chimandikhudza kwambiri ndi usiku woti mawa lake chikondwerero chiyamba, pamene banja limayatsa kandulo n'kufufuza ngodya iliyonse ya nyumba, kutola ngakhale nyenyeswa, zomwe amaziwotcha kukacha.