Zikomo nonse, koma makamaka bambo a njinga yakuda aja

Dzulo tasesa. M'mawa uno takawakweza azakhali minibasi pa Chimbiya, abwerere kwawo ku Mtakataka, ndipo pakhomo pano pangoti zii. Miyendo yatupa, mawu anandithera pa siwa. Ndimati ndiyambe ndagona ndisanalembe, koma tulo sitikubwera, ndiye bola ndithokoze mtima ukadali wotentha.

Nkhani mukuidziwa. Sitiroko inawagwetsa ababa m'munda wa kachewere mu Febuluwale, milungu itatu kuchipatala, kenako miyezi yonseyi pamphasa kunyumba. Lolemba tawaika. Zimenezo sindibwereza.

Amayi a Chigwirizano, munagona pansi nafe mausiku awiri m'chisanu cha ku Dedza chino, nyimbo osaduka. Mulungu akubwezereni. Aneba amene munatibwereka ngolo, amene munabwera ndi ufa, nkhuni, ngakhale kamchere m'pepala, ndinakuonani nonse. Anamwino a ku wodi ya abambo, zikomo pondipirira, ndikudziwa ndinali gadiyani wovuta. Achimwene ku Joni, ndalama ya bokosi inafika pa Mpamba nthawi yake, musadziimbe mlandu kuti simunabwere.

Koma pali munthu mmodzi. Dzina anandiletsa kutchula, komanso pa Facebook pano sapezeka, foni yawo ndi ya mabatani. Akwathu mukuwadziwa, mkulu wa mpingo wathu wa CCAP uja woyenda pa njinga yakuda yopanda mabuleki akutsogolo. Wina akawawerengere izi.

Ababa anakhala zaka 76 osaponda m'tchalitchi kupatula pa ukwati wa ana. Anali munthu wa kudambwe, ndipo sankabisa. Amayi ankapita okha kukapemphera zaka zonsezi. Tikawanena, yankho lawo linali limodzi: "Amishoni anafika pa Nkhoma mu 1896. Nanga makolo athu onse a m'mbuyomo anapita kuti?" Ife ana tinkangoti kukamwa yasa. Alaliki angapo anayesapo, ankabwerera pa mtondo pomwepo.

Akuluwa ndi ababa anadziwana ali anyamata, anakwera limodzi ulendo wa Wenela kupita kumigodi, n'kubwerera limodzi boma litaletsa maulendowo mu 1974. Wina analowa kalasi, wina anatsala. Ubwenzi wokha sunathe.

Usiku wachitatu kuchipatala ababa anasiya kuyankha. Azakhali, amene ndi Akatolika olimba a ku Mua, anatulutsa botolo la madzi m'chikwama akunjenjemera. Anati kwawo amaphunzitsa kuti munthu akakhala pangozi ya imfa aliyense angathe kumubatiza, bola madzi ndi dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Ine ndinavomera msanga, ndinali ndi mantha. Akuluwa anali atakhala pabenchi, chipewa pabondo. Anaimirira n'kunena mofatsa kuti, "Mayi, madziwo sathawa. Mlongo wanuyu ndi munthu wamkulu, tiyambe tamva pakamwa pake." Ndinapsa mtima, sindinama. Ndinawafunsa kuti nanga akapita usiku uno? Anandikumbutsa za wachifwamba uja wa pa mtanda mu Luka 23, kuti analowa m'Paradaiso tsiku lomwelo popanda dontho la madzi, chifukwa anatembenukira kwa Yesu n'kupempha yekha. Kenako anagwada pasimenti paja, azakhali nawo anagwada ndi kolona yawo, aliyense kupemphera m'njira yake mpaka kunja kunayera. Bambo inu, ndinakuyankhani mwachipongwe usiku umene uja. Pepani.

Titatuluka m'chipatala anayamba kubwera Lachitatu lililonse, mvula kaya dzuwa. Ine ndinkayembekezera Baibulo ndi katekisma. Anabwera ndi bawo! Dzanja lamanja la ababa linali litafa, ndiye iwo ankasewera mbali zonse ziwiri, ababa akuloza ndi maso dzenje loti atapemo njere. Nthawi zina ankakangana ngati ana, ababa akuti aberedwa. Buku Lopatulika linkatuluka m'thumba la jekete bawo ikatha, vesi imodzi kapena awiri basi. Anawasambitsapo kawiri ine nditapita kuchigayo, osandiuza, ndinangopeza madzi atatayidwa kuseli.

Funso lija la makolo linabweranso, ndinali pakhomo ndikusenda mbatata. Akuluwa sanazungulire. Anati, "Makolo aweruza ndi Mwini wake, ndipo Iye salakwitsa mlandu ngati ife. Ine sananditume kwa makolo. Anandituma kwa iwe." Ababa anangotembenukira kukhoma. Mlungu wotsatira anakana bawo, ndipo ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Akuluwa anabwerabe, anakhala ola lathunthu chete, n'kupalasa njinga kubwerera.

Tsiku lina mu Meyi ababa anandiitana ndi kukamwa kwawo kopotoka kuja. "Ndikufuna madzi." Ndinathamanga kukatunga m'ndowa ndi kapu. Anaikankha ndi dzanja lamanzere mpaka madzi anatayikira pabulangete. "Osati awa."

Ndinakhala pansi pomwepo, miyendo inandithera.

Akuluwa atamva sanafulumire kusangalala. Anawayesa dala. Anati paja munthu amapulumuka mwa chisomo pokhulupirira, monga akunenera Aefeso 2, ndipo wachifwamba uja sanabatizidwe, ndiye iwe madzi ukuwafuniranji? Ababa anatenga nthawi kuti mawu atuluke, malovu akudontha, ine ndikupukuta. Anati, "Ujatu anali atamukhomera. Ine ndili pamphasa." Akuluwa anaseka mpaka misozi. Anati wakhoza kalasi yonse ndi yankho limodzi. Kenako anawafotokozera kuti pa Marko 16:16 kukhulupirira ndiko kuli patsogolo, ubatizo ukutsatira, ndipo ubatizowo uli ngati chidindo pa kalata: chidindo sichilemba kalata, koma mwini kalata akadinda, wolandira sakayikanso kuti ndi yake. Ababa anakweza chala chachikulu. Anakumbuka mmene anadindira pa pepala la Wenela.

Kwathu kuno kalasi simaliza lero ndi lero, ndipo wobatiza ndi abusa okha. Akuluwa ndi amene anaitengera nkhaniyi kwa akulu anzawo, n'kuchitira umboni kuti munthuyu ndamuphunzitsa ndekha, za kudambwe wazisiya ndi pakamwa pake, ndipo sangathe kufika kutchalitchi. Maulendo angati anapalasa kupita kwa abusa, sindinawerenge.

Abusa anabwera pa njinga yamoto Loweruka lina mu Juni. Madzi tinatunga pa mjigo, amayi anawafunditsa pang'ono pamoto chifukwa kunali chisanu choluma, n'kuwathira m'bakuli yawo yoyera ija amasungira alendo. Tinawakhazika ababa pampando wa ndalema, atavala shati ya ukwati wa mng'ono wanga. Pa funso lililonse "inde" wawo ankachedwa, koma palibe anawayankhira. Madzi anatsika pamphumi, kuseli kwa khutu, mpaka m'kolala. Ndinatenga kansalu kuti ndipukute, amayi anandigwira dzanja. "Asiye aume okha." Zaka zoposa 40 akupempherera tsiku limeneli.

Anakhala nafe masiku 19 kuchokera pamenepo.

Ambuye Yesu, munawadikira ababa zaka 76 osatopa. Ine miyezi yochepa yokha ndinatopa, ndinadandaula, tsiku lina ndinalakalaka zingotha. Mundikhululukire, ndipo muwasunge amayi.

Tsopano pang'ono pokha kwa ena. Zija mumanena kuti mdalayo wabatizidwa pofuna kuti adzamuimbire nyimbo pamaliro zinatifika, mudzi sumasunga chinsinsi. Ndi inu achibale amene munalemba pa gulu lathu la WhatsApp kuti ubatizo wowaza si ubatizo, akanamizidwa mumtsinje: munthu wofa mbali imodzi, mu Juni, timutsitsire mu Linthipe? Anzanga a ku Ntcheu amene amabatiza pomiza ndimawalemekeza, ena mwa iwo anatumiza ufa ndi nyemba osafunsa kuti madzi anali ochuluka bwanji. Koma inu miyezi yonseyi simunabwere kudzatembenuza wodwala ngakhale kamodzi. Pamaliro ndiye munafika ndi suti, n'kuyamba kufunsa za dimba mtembo usanatuluke m'nyumba. Ndaleka, amayi anandiuza kuti ndisalembe zimenezi.

Amene anandidabwitsa ndi anzawo akale a kudambwe. Ndinkaopa kuti pakhala kukokanakokana pa mtembo, paja zimachitika. Anabwera m'bandakucha ndi makasu, anakumba manda pamodzi ndi adzukulu ena, nyimbo za mpingo zikuimbidwa anakhala phee chapatali. Mmodzi wa iwo, wokalamba kwambiri, anandipatsa chipepeso chokulunga m'kapepala n'kunena kuti, "Mnzathu anasankha yekha, ife tilibe naye mlandu." Zikomo agogo.

Lero ndi Lachitatu. Cha m'ma 2 koloko ndinamva kulira kwa tcheni kumpanda, ndipo mtima unadumpha. Anali akuluwa, akuti miyendo yangowabweretsa yokha. Amayi anatulutsa bawo ija kuti aitenge, ndi yawo. Anakana. Anati ikhale pomwepa, n'kuyang'ana amuna anga, amene nonse mukudziwa kuti tchalitchi amachionera pamsewu. "Akamwini, mumatha bawo?" Panopa ali pansi pa mtondo, ndikuwamva akukangana.

Achimwene, mukapeza kangachepe mwezi ukatha, tayala lakumbuyo la njinga ija latha mpaka ulusi ukuoneka. Ndi mabuleki omwe.