Chilembo chimodzi chimene sindinayenera kuchikuza

Ndimagwira ntchito pa kashopu kosindikiza mapepala ku Braamfontein, kuno ku Johannesburg, ndipo nthawi yanga yambiri imathera pokonza zolemba za anthu ena: makalata ofunsira ntchito, ndondomeko za maliro, ndi timapepala ta mipingo ya Amalawi anzathu. Ndisanabwere ku Joni ndinkaphunzitsa Chingerezi ndi Chichewa kusekondale kwathu, choncho maso anga anazolowera kuima pamene pasowa mpumiro kapena pamene dzina lamwinimwini layamba ndi chilembo chaching'ono.

Pa ntchito yanga ndimagwiritsa ntchito pulogalamu yaing'ono yolembera, yaulere, imene amaikonza ndi anthu ongodzipereka a m'maiko osiyanasiyana. Pulogalamuyi ndi ya mtundu wa mapulogalamu akale olembera otchedwa vi, imene Bill Joy anailemba mu 1976, ndiponso Vim, imene Bram Moolenaar anaitulutsa mu 1991. Mng'ono wanga, amene amakonza makompyuta ku Fordsburg, ndiye anandiphunzitsa kagwiritsidwe kake. Nthawi iliyonse eni ake akatulutsa pulogalamuyi mwatsopano, amalemba mndandanda wa zimene zasintha, zimene zakonzedwa ndi zimene zachotsedwa, ndipo mndandandawo amautcha release notes. Anthu ambiri sauwerenga, koma ine ndimauwerenga wonse, chifukwa ndi mmenemo mmene munthu amadziwira ngati batani limene analizolowera likugwirabe ntchito monga kale.

Loweruka lina madzulo ndinauwerenga mndandanda watsopano ndipo ndinaona kuti unalembedwa ndi manja ambiri popanda wouunikanso. Mzere wina unkayamba ndi "Fixed", wotsatira ndi "Fixes", wachitatu ndi "fix", ngati kuti ntchito imodzi yomweyo inachitika dzulo, ikuchitika lero, ndipo ikulamulidwanso kuti ichitike. Panali "it's" pamene pamafunika "its". Ziganizo zina zinali ndi mpumiro, zina zinalibe. Maina a zinthu za pakompyuta nawo anasokonekera: GitHub inalembedwa ndi h wamng'ono, JavaScript ndi zilembo zazing'ono zokhazokha, ndipo macOS inalembedwa m'njira zitatu, ngakhale kuti Apple inakhazikitsa kalembedwe ka m wamng'ono koyambirira kuyambira 2016, pamene inasiya dzina lakuti OS X. Sindinawaone olembawo ngati anthu osasamala, pakuti ambiri a iwo Chingerezi si chiyankhulo chawo, monganso ine, ndipo amalemba usiku ataweruka kuntchito zawo popanda wowalipira. Ndinaona kuti apa ndi pamene munthu wosadziwa kulemba mapulogalamu angathandize.

Mng'ono wanga anandionetsa mmene munthu amakoperera fayilo ya mndandandawo, kuikonza, ndi kutumiza pempho lakuti eni ake alandire zokonzazo, limene amalitcha pull request. Ndinakonza mizere yonse kuti mneni akhale wa nthawi yakale, ndinabwezeretsa maina m'kalembedwe kake, ndipo ndinayambitsa chiganizo chilichonse ndi chilembo chachikulu, monga ndinkaphunzitsira ana kwa zaka zambiri.

Yankho linabwera Lolemba, laulemu ndi lachidule. Woyang'anira fayiloyo anathokoza, anavomereza zonse, kupatula mzere umodzi. Mzerewo unkayamba ndi chilembo u chili chokha, ndipo ine ndinachisandutsa U chifukwa chinali kumayambiriro kwa chiganizo. Koma m'mapulogalamu a mtundu wa vi, zilembo ziwirizi ndi malamulo awiri osiyana. Munthu akadina u wamng'ono amabweza chinthu chomaliza chimene wasintha, pamene U wamkulu amabweza zonse zimene zangosinthidwa kumene pamzere umodzi. Ndi chimodzimodzi p ndi P: woyamba amamata mawu patsogolo pa pamene waima, wachiwiri kumbuyo kwake. Mzere umene ndinaukonza unasiya kunena zoona, pakuti unayamba kuuza owerenga kuti lamulo lina lasintha pamene limene linasintha ndi linzake.

Chimene chinandikhudza kwambiri n'chakuti kusiyana kumeneku ndinkakudziwa. Zala zanga zimadina u kambirimbiri pa tsiku, ndipo sizisokoneza. Koma pamene ndinkawerenga ngati mphunzitsi wa chiyankhulo, ndinangoona chilembo chimene chaphwanya lamulo la chiganizo, osaona kuti chilembocho ndi chida chimene munthu wina adzachidina pa kiyibodi yake atawerenga mawu angawo. Mng'ono wanga nditamufotokozera anati, "Achimwene, kompyuta siidziwa kuti chiganizo chayambira pati, imangoona chilembo chimene mwaipatsa." Anandikumbutsanso kuti pa Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta, mafayilo awiri otchedwa README ndi readme angathe kukhala mufoda imodzi popanda kulimbana, chifukwa kwa makinawo ndi maina awiri.

Ndikaganiza bwino, tikukhala mumzinda umene ukanayenera kundiphunzitsa zimenezi kale. Anzathu a kuno amalemba isiZulu, isiXhosa ndi eGoli, chilembo chachikulu chili pakati pa mawu, chifukwa chimaima pa tsinde la dzina ndipo mphatikiram'mbuyo amakhala wamng'ono. Ife timalemba Chichewa ndi C wamkulu koyambirira, ndipo timalekanitsa "ku Lilongwe" pamene "kumudzi" timaphatikiza. Mlendo amene angafike ndi lamulo lake n'kuyamba kuwongola isiZulu kuti ikhale Isizulu angakhale akuwononga, ngakhale atachita ndi mtima wabwino. Pashopu pathu sindisintha kalembedwe ka dzina la kasitomala ndisanamufunse, ndipo ulemu umenewo ndinayenera kuupereka kwa u wamng'ono uja.

Sindikunena kuti ntchito yokonza galamala m'zolemba zotere ndi yopanda pake. Ndimakhulupirira kuti ndi yofunika kwambiri, makamaka kwa ife amene timawerenga Chingerezi ngati chiyankhulo chachiwiri kapena chachitatu. Mwini chiyankhulo akaona chiganizo chopindika amangolota tanthauzo lake n'kupitirira, koma wophunzira wa ku Mzuzu kapena ku Zomba amaima, n'kumadzifunsa ngati "fix" akutanthauza kuti vutolo lakonzedwa kale kapena akumuuza iyeyo kuti alikonze. Amene amamasulira mndandandawo m'ziyankhulo zina amavutikanso chimodzimodzi. Kalembedwe kofanana kuyambira pamwamba mpaka pansi kamachotsa chikayiko chimenecho.

Mzere wovutawo sitinausiye uli woyamba ndi chilembo chaching'ono, ndiponso sitinaukuze. Ndinapempha kuti chiganizocho chiyambe ndi mawu ena, akuti "The u command", kuti lamulo la chiganizo likwaniritsidwe pa T, ndipo u akhale pakati osakhudzidwa. Woyang'anira uja anawonjezera tizizindikiro timene timachititsa kuti dzina la lamulo lioneke m'zilembo zosiyana ndi mawu ena onse, kuti wokonza wina wam'tsogolo aone msanga kuti pamenepo si pogwira. Anandilangizanso kuti ndisakonze mindandanda ya zaka zam'mbuyo, chifukwa anthu ena amailozera monga mmene inalembedwera, ndiponso kuti pempho lililonse lizikhala la nkhani imodzi, maina paokha ndi nthawi za aneni paokha, kuti woliunika asaphonye cholakwa chobisala pakati pa zokonza zambiri.

Pempho langa lachiwiri ndinalitumiza sabata yathayi, ndipo linali la maina okhaokha, mizere isanu ndi umodzi. Ndisanalitumize ndinatsegula pulogalamuyo, n'kuyesa lamulo lililonse lotchulidwa m'mizereyo, kamodzi ndi chilembo chaching'ono, kenako ndi chachikulu.